Ubongo Wochedwa Kukhwima: Zimene Majini a Munthu ndi a Chimpanzi Akuonetsa

Nkhani yathu lero ndi ya ubongo, ndipo ndiyambira pa sikelo. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu 1.3 kapena 1.4. Wa chimpanzi, nyani wamkulu wopanda mchira amene amakhala m'nkhalango za Gombe ndi Mahale m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, umalemera magalamu pafupifupi 400. Wathu ndi woposa katatu. Koma mukatenga DNA ya awiriwa n'kuiyala pamodzi, chilembo ndi chilembo, mupeza kuti pa zilembo 100 zilizonse zoyang'anizana, chosiyana ndi chimodzi ndi kachidutswa. Akatswiri amene adawerenga DNA yonse ya chimpanzi mu 2005 adapeza 1.23 peresenti. Mukaphatikizapo zigawo zimene wina ali nazo koma mnzake alibe, kusiyanako kumafika cha m'maperesenti 4. Nanga kusiyana kochepa chonchi kukubala bwanji mbali ino munthu wolemba kalata, woweruza milandu ndi wopeka nyimbo, mbali inayo nyama yochenjera ndithu koma yosatha kuyankhula?

Kuno kwathu chimpanzi m'tchire mulibe. Ife timadziwa anyani otithera chimanga m'munda, apusi ndi anchima. Amene adafikako ku Chimfunshi, pafupi ndi Chingola ku Zambia, kumene amasamalako achimpanzi olanditsidwa kwa ozembetsa nyama, ndiwo adamuona maso ndi maso. Ndineneretu, poti funsoli sililephera kubwera: sayansi sinena kuti munthu adachokera kwa chimpanzi. Imati awiriwa ndi pachisuweni, ochokera kwa kholo limodzi limene lidakhalako zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo. Chibale chathu ndi anyani a m'munda aja, komanso ndi nyani wa ku Asia wotchedwa macaque amene ndimutchule kawirikawiri lero, ndi chapatali. Tidasiyana njira zaka 25 miliyoni zapitazo kapena kuposerapo. Wachibale wapataliyu ali ndi ntchito yake pa kafukufuku. Munthu ndi chimpanzi akasiyana pa chinthu china, simungadziwe kuti adasintha ndani. Pamafunika mboni. Ngati macaque akufanana ndi chimpanzi, ndiye kuti osintha ndife.

Amene adaliika funsoli pambalambanda ndi anthu awiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley, mayi Mary-Claire King ndi mphunzitsi wawo Allan Wilson wa ku New Zealand. Munali mu 1975, njira zowerengera DNA mwachangu zisanabwere. Iwo adayerekeza mapuloteni a munthu ndi a chimpanzi, napeza kuti amafanana pafupifupi 99 peresenti. Kufanana kotere kumapezeka pakati pa mitundu iwiri ya nyama imene ngakhale katswiri amavutika kuisiyanitsa ndi maso. Tsono adati: ngati zipangizo zili zofanana chonchi, kusiyana kuyenera kukhala pa kagwiritsidwe ntchito kake, ndiko kuti jini lililonse likugwira ntchito liti, pati, ndi mochuluka bwanji. Analibe njira yotsimikizira zimenezi. Ganizolo lidadikira zaka zoposa 25. Mayi King, m'zaka zodikirazo, adatembenukira ku khansa ya m'mawere, ndipo ndi iwo amene adasonyeza mu 1990 pamene pali jini limene lero timalitcha BRCA1.

Ndifotokoze pang'ono kwa amene mudasiya sayansi ku sekondale. Munthu ali ndi majini opanga mapuloteni pafupifupi 20,000, ndipo selo la m'chiwindi ndi selo la muubongo ali ndi majini omwewo, osachotsera osawonjezera. Chimene chimasiyanitsa chiwindi ndi ubongo n'chakuti selo lililonse limadzutsa majini ena, ena n'kuwasiya ali m'tulo. Jini likadzutsidwa, selo limalikopera pa kachingwe kotchedwa RNA, ndipo makope amenewa ndiwo amapita kukapangitsa puloteni. Jini lotanganidwa limatulutsa makope ambiri, laulesi ochepa. Choncho mukawerenga makope a RNA m'kachidutswa ka ubongo, mumadziwa majini amene ali maso ndi khama lawo. Amayi a kunyumba amaidziwa bwino nkhaniyi. Ufa ndi womwewo, madzi omwewo, moto womwewo. Koma kuchuluka kwa ufa, nthawi yothira ndi nthawi yophula ndizo zimapangitsa kuti mumphika mutuluke phala la mwana kapena nsima ya alendo. King ndi Wilson ankanena kuti tisamayang'ane ufa wokha.

Mu 2002, ku Leipzig m'dziko la Germany, gulu la Svante Pääbo, yemwe uja adadzalandira mphoto ya Nobel mu 2022 chifukwa chowerenga DNA ya anthu akale a Neanderthal, lidayesa ganizolo koyamba. Wotsogolera ntchitoyo anali wophunzira wake, Wolfgang Enard. Adatenga magazi, chiwindi ndi ubongo wa anthu, achimpanzi, orangutan ndi macaque, nawerenga makope a majini masauzande ambiri nthawi imodzi. M'magazi ndi m'chiwindi munthu ndi chimpanzi adasintha mofanana kuchokera pa kholo lawo lija. Muubongo mokha ndimo munthu adaoneka kuti wasintha kangapo kuposa msuweni wake. Chaka chotsatira gulu lina la ku America, m'mene munali Mario Cáceres ndi Todd Preuss, lidanena kuti pa majini osiyana muubongo, pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse anali otanganidwa kwambiri mwa munthu kuposa mwa chimpanzi. Manyuzipepala adasangalala nazo. Ndani sangakonde kumva kuti ubongo wake ndi wapadera, ndipo majini ake ndi akhama?

Pamene yankho likukomera wofunsa m'pofunika kuliyang'ana kawiri. Chipangizo chimene ankagwiritsa ntchito nthawi imeneyo chinali kagalasi kakang'ono komatidwa tizidutswa ta DNA. Mukathirapo RNA, kope lililonse limakamatirira pa kachidutswa kofanana nalo, ndipo pamene pamatirira zambiri pamawala kwambiri. Vuto linali lakuti tizidutswato tidapangidwa potengera DNA ya munthu. RNA ya chimpanzi, pokhala yosiyana chilembo apa ndi apo, inkamatirira mofooka, pamalopo n'kuwala pang'ono, ngakhale jinilo litakhala lotanganidwa chimodzimodzi. Sikelo yake inali yopendekera kwa ife. Ofufuzawo ankalidziwa vutoli, ndipo ena adabwereza ndi njira zina n'kupeza kuti zina mwa zotsatirazo zinali zoona, makamaka pa majini othandiza selo kupanga mphamvu. Koma chiwerengero chonsecho sichikanadaliridwa mmene chidamvekera poyamba. Onjezani apo kuti zitsanzo zinali zochepa zedi: ku Leipzig kuja, anthu atatu, achimpanzi atatu.

Mu 2005 gulu la ku Leipzig lomwelo, motsogozedwa ndi Philipp Khaitovich, lidayerekeza ziwalo zisanu: ubongo, mtima, impso, chiwindi ndi machende. Chiwalo chimene munthu ndi chimpanzi amasiyana pang'ono kwambiri chidapezeka kuti ndi ubongo. Chiwindi ndi machende ndizo zimasiyana kwambiri. Mu 2011 gulu la Henrik Kaessmann ku Lausanne, pogwiritsa ntchito makina atsopano owerenga RNA yeniyeniyo popanda kagalasi kaja, lidapeza zomwezo pa nyama zoyamwitsa zosiyanasiyana: ubongo ndi chiwalo chosintha mwaulesi, machende ndi chothamanga. Chifukwa chake n'chomveka. Muubongo chilichonse chimadalira chinzake, ndipo kusintha kwakukulu pa jini limodzi kawirikawiri kumabala matenda, osati nzeru. Ndimakonda kuwauza ophunzira anga kuti wofuna kupeza pamene timasiyana kwambiri ndi chimpanzi pa kagwiridwe ntchito ka majini asayambire kumutu.

Pali chenjezo lina limene sitiyenera kulidumpha. Ubongo umene ukuyezedwa ndi wa wakufa. Munthuyo mwina adadwala nthawi yaitali, adamwa mankhwala, adakhala maola angapo thupi lisanatsegulidwe, RNA ikuwonongeka. Pa moyo wake ankadya zophika, adapita kusukulu, ankayankhula tsiku lililonse. Chimpanziyo adakulira mumpanda, akudya zipatso ndi masamba. Mukapeza kusiyana, kodi n'kobadwa nako kapena n'kwa moyo umene aliyense adakhala? Mu 2008 Mehmet Somel, wa ku Turkey, adayesa mwanzeru. Adatenga mbewa za mu labotale, zina n'kumazipatsa chakudya cha anthu, zina chakudya cha achimpanzi, kwa milungu iwiri. M'chiwindi cha mbewazo majini ambiri adasintha khama lawo, ndipo ena mwa iwo anali omwe aja amasiyana pakati pa chiwindi cha munthu ndi cha chimpanzi. Muubongo zosintha zinali zochepa. Apa ubongo udapulumuka, koma phunzirolo lidamveka: si kusiyana kulikonse kumene kuli ndi tanthauzo. Kwina ndi chakudya, kwina n'kongochitika mwangozi m'zaka mamiliyoni, kosapindulitsa komanso kosapweteka.

Tsopano ndifike pamene ine ndikuona kuti pali fupa la nkhaniyi. Kafukufuku yense woyambayo ankayerekeza wamkulu ndi wamkulu. Somel ndi Khaitovich adati tiyerekeze moyo wonse, kuyambira khanda mpaka nkhalamba. Adasonkhanitsa ubongo wa anthu, achimpanzi ndi macaque a misinkhu yosiyanasiyana, makamaka chigawo cha kuseri kwa mphumi, chimene chimagwira ntchito munthu akamalinganiza zochita, akamadziletsa ndi akamaganizira zamawa. Mu 2009 adalengeza kuti pali gulu la majini amene mwa munthu amatsalira m'mbuyo: munthu wamkulu amakhala nawo pa mlingo umene chimpanzi adaudutsa ali mwana. Mu 2012 Xiling Liu, akugwira ntchito ndi Khaitovich ku Shanghai, adaloza gulu lenileni. Ndi majini omanga malo olumikizirana maselo a ubongo, amene asayansi amawatcha synapse. Mwa chimpanzi ndi macaque majini amenewa amafika pachimake mwana asanathe chaka, kenaka n'kuyamba kutsika. Mwa munthu amapitirira kukwera mpaka cha m'zaka 5.

Taganizirani zimenezi. Kulumikizana kwa maselo ndiko kuphunzira. Ubongo wa mwana umamanga malumikizano ochuluka kuposa amene udzafune, kenaka umasunga amene akugwiritsidwa ntchito n'kudulira otsalawo. Chimene mwana wamva, waona ndi wagwira pa nthawi imeneyo ndicho chimasankha otsala ndi odulidwa. Malinga ndi majini aja, mwana wa chimpanzi amapatsidwa miyezi, mwana wa munthu zaka. M'zaka zimenezo ndimo mwana wa ku Dedza amatola Chichewa popanda womuphunzitsa galamala, mwana wa ku Mzuzu n'kutola Chitumbuka ndi Chichewa nthawi imodzi osasokoneza. Makolo adati m'mera mpoyamba. Kwa munthu, poyamba pakepo m'patali kuposa pa nyama ina iliyonse ya m'gulu la anyani.

Umboni wina udabwera kuchokera mbali zosiyana, ndipo ndicho chifukwa chake ndimaukhulupirira kuposa wa 2002 uja. Mitsempha ya muubongo imakutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, amene amafulumizitsa uthenga komanso amalimbitsa njira zimene zakhazikika kale. Gulu la Chet Sherwood ku Washington lidaonetsa mu 2012 kuti chimpanzi amamaliza kukuta mitsempha yake pa nthawi imene akutha msinkhu, pamene munthu amapitiriza mpaka atadutsa zaka 20. Makolo amene mukulimbana ndi anyamata a zaka 19, dziwani kuti ntchito m'mutumo sinathe. Mu 2023 gulu la Genevieve Konopka ku Texas lidapeza kuti ubongo wa munthu wamkulu umasunga maselo osakhwima ambiri a mtundu wopanga myelin kuposa wa chimpanzi ndi macaque. Ndiye pali za chakudya. Ubongo wa wamkulu ndi 2 peresenti ya kulemera kwa thupi, koma umadya 20 peresenti ya mphamvu zake akamapumula. Christopher Kuzawa ndi anzake adawerengera mu 2014 kuti mwa mwana wa zaka pafupifupi 5, ubongo umatenga magawo awiri mwa atatu a mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito likamapumula, ndipo n'zaka zomwezo pamene thupi la mwana limakula pang'onopang'ono kwambiri. Thupi limadikira kuti ubongo udye. Msinkhu wake ndi womwe uja wa majini a synapse.

Pano ndipatuke pang'ono, poti nkhaniyi ikutikhudza. Kafukufuku wa zaumoyo wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira. Azaumoyo amatsindika za masiku 1,000 oyambirira a mwana, ndipo akulondola. Koma ziwerengero za Kuzawa zikusonyeza kuti njala ya ubongo simathera pa zaka ziwiri. Imafika pachimake mwana ali ku sukulu ya mkombaphala ndi polowa Sitandade 1. Ubongo wochedwa kukhwima umakhala nthawi yaitali uli wotha kuphunzira, ndipo nthawi yomweyo uli wotha kupwetekeka.

Nanga n'chiyani chimauchedwetsa? Koloko yake ili m'selo momwemo. Gulu la Pierre Vanderhaeghen ku Belgium lidaika maselo a ubongo wa munthu m'mutu mwa mbewa. Maselo a mbewayo amakhwima m'milungu yochepa, ndipo mukanayembekeza kuti alendowo atengera eni mudzi. Sadatero. Adatenga miyezi yambiri, akuyenda paulendo wawo wa chimunthu. Mwa majini amene akudziwika kuti ali ndi dzanja pa kuchedwaku, lodabwitsa kwambiri ndi SRGAP2. Nyama zoyamwitsa zonse zili nalo, ndipo ntchito yake ndi kufulumizitsa kukhwima kwa timphukira tolandirira uthenga pa selo la ubongo. Mu 2012 magulu a Evan Eichler ndi Franck Polleux adaonetsa kuti mu mzera wathu jinili lidakopedwa molakwika, koyamba zaka pafupifupi 3.4 miliyoni zapitazo, kachiwiri cha m'ma 2.4 miliyoni. Kope lachiwirilo, SRGAP2C, ndi loduka. Puloteni yake yopereweredwayo imakangamira pa puloteni yoyambirira n'kuilepheretsa ntchito. Ataliika mu mbewa, timphukira tija tidachedwa kukhwima, ndipo pomaliza tidachuluka kuposa ta mbewa wamba. Kope lolumala, limene ntchito yake ndi kusokoneza mnzake, ndilo limatipatsa nthawi.

Chiwerengero cha zaka 2.4 miliyoni chiyenera kumveka chodziwika kwa amene mudacheza ku nyumba yosungirako zakale ya ku Karonga. Mu 1991, ku Uraha m'boma lomwelo, gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage lidatola chibwano cha munthu wakale wotchedwa Homo rudolfensis, cha zaka pafupifupi zomwezo, chimodzi mwa zotsalira zakale kwambiri za mtundu wa Homo. DNA sikhalitsa zaka zochuluka choncho m'dziko lotentha, choncho chibwanocho sichingatiuze ngati mwini wake anali ndi SRGAP2C. Chimene tinganene n'chakuti pa nyengo imene kopeli linkayamba kufala, anthu a mtundu wathu woyambirira ankayenda m'mphepete mwa nyanja yathuyi.

Kuchedwa kumathandizanso pa kukula, ndipo kumayamba mwana ali m'mimba. Izi n'zovuta kuziona mwa chimpanzi wamoyo, makamaka chifukwa mu 2015 bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo lidasiyiratu kuyesera zinthu pa achimpanzi. Ubongo wa chimpanzi tsopano umapezeka pokhapokha akafa yekha. Njira idatseguka kuchokera kwina. Shinya Yamanaka wa ku Japan adapeza mu 2006 kuti selo la pakhungu likhoza kubwezedwa ku ubwana wake, n'kusandutsidwa selo la mtundu uliwonse. Mu 2013 Madeline Lancaster, ali ku Vienna, adaonetsa kuti maselo otere akhoza kulimidwa m'mbale n'kupanga kambulu ka mamilimita ochepa kofanana ndi ubongo wa mwana wosabadwa. Kambuluko sikaganiza, kalibe magazi kapena maso, koma kamatsata masitepe oyambirira mokhulupirika. Mu 2021, ali ku Cambridge, gulu lake lidalima timibulu ta munthu, gorila ndi chimpanzi. Poyamba maselo amangogawikana, limodzi kukhala awiri, awiri kukhala anayi. Kenaka amasintha maonekedwe n'kuchepetsa liwiro, kukonzekera kubala maselo enieni a ubongo. Mwa gorila ndi chimpanzi kusinthako kudatenga masiku pafupifupi 5, mwa munthu 7. Chimene chimalamula ndi jini lotchedwa ZEB2, limene atatu onsewa ali nalo, koma mwa munthu limadzuka mochedwa. Atalidzutsa msanga m'kambulu ka munthu, kadayamba kukula ngati ka gorila. Masiku awiri aoneka ochepa, koma pamene chinthu chikuwirikiza kawiri ulendo uliwonse, ulendo umodzi wowonjezera ndiwo theka la zonse zimene mudzakhale nazo.

Zimene zimauza jini nthawi yodzuka ndi tizigawo ta DNA tosapanga puloteni, timene kale ena ankatiyesa zinyalala. Mu 2006 Katherine Pollard ku Santa Cruz adauza kompyuta kuti ifufuze zigawo zimene zakhala zosasintha mwa nyama zina kwa zaka mamiliyoni ambiri, koma mwa munthu zidasintha mwadzidzidzi. Choyamba pa mndandanda, HAR1, chili ndi zilembo 118. Pakati pa nkhuku ndi chimpanzi zosiyana ndi 2. Pakati pa chimpanzi ndi munthu ndi 18. Chimagwira ntchito muubongo wa mwana wosabadwa, kuyambira sabata ya 7 mpaka ya 19, pamene mbali yakunja yamakwinya ija, imene madokotala amaitcha cortex, ikuyalidwa. Chigawo china cha mtundu womwewu, gulu la Debra Silver ku Duke litachiika mu mbewa mu 2015, chidakulitsa ubongo wa tiana tosabadwa ndi 12 peresenti kuposa cha chimpanzi. Palinso majini ochepa atsopano, amene chimpanzi alibiretu. Limodzi ndi ARHGAP11B, limene Wieland Huttner wa ku Dresden ndi anzake a ku Japan adaliika mu 2020 m'mazira a marmoset, kanyani ka ku South America ka ubongo wosalala. Cortex ya tiana take idakula n'kuyamba makwinya. Mimba ya marmoset imatenga masiku pafupifupi 150. Iwo adaimitsa pa tsiku la 101, dala, posafuna kubweretsa pa dziko nyama imene khalidwe lake sakanatha kuliyankhira. Ine ndikuona kuti adachita bwino.

Masiku ano sitiperanso kachidutswa ka ubongo n'kuyeza zonse pamodzi. Makina amawerenga RNA ya selo limodzilimodzi. Ambiri ankayembekeza kuti tipeza selo la umunthu, limene anyani alibe. Mu 2022 gulu la Nenad Sestan ku Yale lidawerenga maselo oposa 600,000 a kuseri kwa mphumi mwa munthu, chimpanzi, macaque ndi marmoset. Mitundu 109 ya maselo inali mwa onse anayi. 5 yokha ndiyo inkasowa mwa ena, ndipo wa munthu yekha sunali wotumiza uthenga ayi, koma wa m'gulu la maselo oteteza ndi kusesa muubongo. Izi zikugwirizana ndi zimene Suzana Herculano-Houzel wa ku Brazil adanena atawerenga maselo otumiza uthenga 86 biliyoni muubongo wa munthu: ndicho chiwerengero chimene mungayembekeze mwa nyani aliyense wa ubongo waukulu choncho. Mu 2023 akatswiri a Allen Institute ku Seattle adawonjezera gorila, ndipo adapeza chinthu chochititsa chidwi. Pa chibale, chimpanzi ali pafupi ndi ife kuposa ndi gorila. Koma pa khama la majini m'maselo otumiza uthenga, chimpanzi amafanana ndi gorila, ife tili patokha. Kunena kwa Enard kwa 2002 kudabwereranso, koma kochepetsedwa: majini osintha mwa munthu yekha ndi mazana ochepa chabe, ambiri okhudza malumikizano a maselo, ndipo ambiri ali pafupi ndi tizigawo ta Pollard tija.

Ndisanakhale pansi, ndinene za FOXP2, limene manyuzipepala adalipatsa dzina loti jini la chiyankhulo. Lidadziwika mu 2001 kudzera pa banja lina la ku London limene theka la anthu ake, m'mibadwo itatu, ankavutika kutchula mawu chifukwa cha chilembo chimodzi cholakwika. Puloteni yake mwa chimpanzi ndi mwa mbewa imasiyana malo amodzi okha, koma mwa munthu ndi chimpanzi malo awiri. Mu 2002 Enard ndi Pääbo adati mtundu wa chimunthuwo udafalikira mwachangu m'zaka 200,000 zapitazi, ngati kuti ndiwo udabweretsa kuyankhula. Mu 2007 zidapezeka kuti a Neanderthal a kuphanga la El Sidrón ku Spain anali nawo kale. Ndipo mu 2018 Elizabeth Atkinson ndi Brenna Henn adabwereza mawerengerowo ndi DNA ya anthu mazanamazana, Aafirika ambiri ali momwemo. Chizindikiro cha kufalikira mwachangu chija chidazimirira. Chidabadwa chifukwa ofufuza oyambawo adatenga anthu 20 okha, n'kusakaniza a ku Africa ndi a kwina mosaganizira mbiri ya magulu amenewo. FOXP2 ndi lofunikadi pa kuyankhula, koma nthano ya kubwera kwake dzulodzulo idagwa.

Izi zikutifikitsa pa funso limene kafukufuku yenseyu amalilambalala: tikati ubongo wa munthu, munthu wake uti? Ndisamveke molakwa. M'zaka za m'ma 1800 Samuel Morton wa ku Philadelphia ankadzaza zigaza za anthu ndi njere ndi tizipolopolo pofuna kusanja mitundu ya anthu, Mwafirika n'kumuika pansi, ndipo bodza limenelo lidatumikira ukapolo ndi utsamunda. DNA imalikana: anthu awiri aliwonse amafanana pafupifupi 99.9 peresenti, ndipo achimpanzi amasiyana okhaokha kuposa mmene anthu a dziko lonse amasiyanirana. Chimene ndikunena n'china. Kuti munene kuti khama la jini lakutilakuti ndi la munthu yekha, muyenera kusonyeza kuti lili mwa anthu onse, ndipo kusiyanasiyana kwakukulu kwa DNA ya anthu kuli mu Africa muno. Koma nkhokwe yaikulu ya ziwalo za anthu imene ofufuza ambiri amadalira, GTEx ya ku America, pafupifupi 85 peresenti ya opereka ake ndi ochokera ku makolo a ku Ulaya. Kusiyana kwa munthu ndi munthu mnzake si kochepa pa muyeso umenewu. Mu lipoti lomwe lija la 2002, Enard adalemba kuti mmodzi mwa anthu atatu aja, pa khama la majini a muubongo wake, ankasiyana ndi anzake awiriwo kuposa mmene awiriwo ankasiyanirana ndi achimpanzi.